Dzina la Evaristo pa Mwala wa ku Kampande

Mgodi wa Kampande unatsekedwa mu 1961, koma anthu sanabalalike onse. Azungu ananyamula makina awo pa malole n'kupita, kusiya mizere isanu ya nyumba za zipinda ziwiriziwiri, holo ya Welofeya, mulu wa miyala yoyera wotalika ngati kaphiri, ndi chitsulo chadzimbiri chimene chinaima pamwamba pa shafuti, dzenje lotsikira mu mgodi lomatidwa ndi simenti. Otsalawo anapempha minda kwa eni dziko, nayamba kulima chimanga ndi mpendadzuwa. Pofika mu 1981 Kampande inali ndi msika, sukulu, brantchi ya Chipani, ndi tchalitchi chaching'ono chimene wansembe ankafikako kamodzi pa mwezi pa njinga yamoto kuchokera ku Kasisi. Ana obadwa ufulu utabwera ankatsetsereka pa mulu uja ndi zidutswa za malata, osadziwa n'komwe kuti miyalayo inatuluka kuti.

Magdalena Mwalukanga sanafune kuti mgodiwo uiwalike chotero. Anali mkulu wa Ligi ya Amayi pa brantchi, mayi wamtali wa mawu akulu, woti akaimirira pamsonkhano ngakhale mavijilante, anyamata a Chipani olondera pamsika, ankavula zipewa. Ulemu wakewo sunachokere ku Chipani kokha. Iye anali mmodzi wa akazi amasiye a ngozi ya mu Febuluwale 1957, tsiku limene denga la mgodi linagwa, madzi n'kudzaza njira za pansi, amuna asanu ndi anayi n'kutsalira komweko. Palibe mtembo umene unatulutsidwa. Kampani inadziwa akufawo poyang'ana pa bolodi la pakhomo la shafuti. Munthu aliyense potsika ankachotsa kachitsulo ka nambala yake pa msomali n'kukavala m'khosi, potuluka n'kukabwezera. Tsikulo misomali isanu ndi inayi inakhala yopanda kanthu, ndipo umodzi unali wa mwamuna wake, Evaristo.

Magdalena anatsala ndi kamwana ka zaka ziwiri, Clotilda. Kampani inamusiyira nyumba monga inachitira ndi amasiye onse. Amuna anabwera kudzafunsira mbeta, iye anawabweza onse, ndipo chaka chilichonse mu Febuluwale ankapempha Misa ya mzimu wa Evaristo. Amasiye anzake anabwerera kwawo mmodzimmodzi, ena ku Petauke, ena kutsidya kwa Luangwa, ena anamwalira, mpaka anatsala yekha. Aliyense wofuna kudziwa za ngoziyo ankamulozera pakhomo pa Magdalena.

Ganizo loimika mwala wa chikumbutso linali lake. Analinena katatu pamsonkhano wa wadi lisanamveke. Ba Ezron, tcheyamani wa brantchi, mphunzitsi wopuma amene sankavula tayi ngakhale m'munda, anavomera atazindikira kuti mwala ungakoke a Gavanala kubwera ku Kampande, ndipo a Gavanala akagwedezeka m'maenje a msewu mwina angatumize giredala yosalaza msewuwo. Amayi a Ligi anatuta mchenga kumtsinje ndi mabeseni. Amuna anakoka mwala wakuda pa ngolo ya ng'ombe kuchokera ku Nkomeshya. Mmisiri wosema miyala ya pamanda anakhala masabata atatu akugogoda mayina, ndipo wailesi ya Chinyanja inalengeza tsiku lotsegulira, n'kuwerenga mayina onse asanu ndi anayi.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Amayi anandanda m'mphepete mwa msewu kuyambira m'mawa, zitenje zofanana, akuimba mpaka kummero kuuma. A Gavanala anafika dzuwa lili pamutu, Landirova yawo itafiira ndi fumbi. Panali malankhulidwe atatu ataliatali, ana a sukulu anavina, kenako anaitana Magdalena kuti akoke nsalu imene inaphimba mwala. Anakoka. Anthu anaomba m'manja, nthungululu zinalira, ndipo iye anaima pambali, chifuwa chitadzaza, akuyang'ana zilembo zoyera pa mwala wakuda.

Ba Ezron anayamba kuwerenga mayina. Akatchula limodzi, ng'oma inkagunda kamodzi, khamu n'kuyankha kuti, "Ause mu mtendere." Anadutsa mayina asanu ndi limodzi.

"Evaristo Mwalukanga."

Ng'oma isanagunde, mawu osasa anachokera kumbuyo kwa khamu.

"Nilipo."

Ena anaseka, poganiza kuti ndi chidakwa cha pamsika. Ba Ezron anakweza maso pa pepala, anakhosomola, nabwereza dzinalo mwamphamvu.

"Nilipo," mawuwo anatero kachiwiri. "Ndine Evaristo. Sininafe."

Anthu anapatukana ngati alowedwa ndi njoka. Pakati pawo panatsala mkulu wina woonda, wovala jekete lalikulu ngakhale kunkatentha chotero, atanyamula kasutikesi komanga ndi mphira. Mavijilante awiri anamuthamangira n'kumugwira mikono. Iye sanalimbane nawo. Maso ake anali pa Magdalena basi.

Magdalena anayamba wakwiya. Anaponda mapazi awiri kuti akamukalipire wamisalayo, wowononga tsiku limene iye analivutikira zaka zitatu. Ndiye munthuyo anatembenuza mutu pokhosomola, ndipo Magdalena anaona khutu lakumanzere, loduka pamwamba. Bala limenelo analitsuka ndi manja ake ndi madzi a mchere, mwezi wachiwiri wa ukwati wawo, mwala utamucheka Evaristo kuntchito. Anafuna kunena kuti musiyeni, koma anangoyamba kugwa. Rosaria, wachiwiri wake mu Ligi, anamuwakha asanagunde pansi.

"Ba Magdalena, ni chani? Mumuziba uyu munthu?"

"Ni atate ake Clotilda," anatero Magdalena.

Amene anali pafupi anamva, ndipo mawuwo anathamanga m'khamu monse. Wina anakuwa kuti chipuku, mzukwa. Amayi obereka ana anathawa, mabenchi a sukulu anagwa, woimba ng'oma anataya ndodo. Mayi wina wokalamba anatapa dothi m'manja n'kumuwaza nalo mlendoyo kumaso, kuti aone ngati angazimirire. Sanazimirire. Anangophethira, dothi likuyoyoka m'ndevu. A Gavanala ananong'oneza ba Ezron, anthu otsala anaimba nyimbo ya fuko mothamanga, ndipo Landirova inanyamuka alendo osalawa n'komwe nyama ya mbuzi imene inaphikidwa kuseri kwa holo.

Anamulowetsa Evaristo mu kaofesi ka brantchi m'holo ya Welofeya. Ba Ezron anatseka chitseko, Rosaria anaima chochitsamira chifukwa anthu ankakankha kunja. Magdalena anakhala pa mpando moyang'anana ndi mwamuna wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Tsitsi linali litayera, mano akutsogolo kunalibe, ndipo mpweya unkalira m'chifuwa mwake ngati mvukuto wobooka.

"Munali kuti?" anafunsa potsiriza.

"Ku Wanki, ku malasha. Kuchoka uko ninabwera ku Kabwe. Ninali kusebenza na dzina lina."

"Ku Kabwe. Apa pafupi apa."

"Ee."

"Munakwatira?"

"Ninakwatira. Anamwalira chaka chatha. Ana tinalibe." Anapukuta pakamwa ndi kansalu. "Ninamva pa wailesi, amake Clotilda. Anawerenga dzina langa. Ninati ngati alilemba pa mwala, boza iyi izakhala mpaka dziko kutha."

Magdalena anadabwa kuti nkhani ya mkazi winayo sinamulase. Mutu wake unali utapita kale kwina, ku bolodi lija la pakhomo la shafuti. Analiona ndi maso ake tsiku la ngozi, kalaliki wa kampani akuloza misomali ndi pensulo.

"Misomali inali naini," anatero pang'onopang'ono. "Kachitsulo kanu kanalibepo. Ngati imwe muli pano, anavala nambala yanu ni ndani?"

Evaristo anayang'ana pansi. Anakhosomola mpaka misozi kutuluka.

"Yoramu."

Rosaria anagwira pakamwa. Ba Ezron anakhala pa tebulo osazindikira kuti akhalira mapepala a msonkhano.

Yoramu Chitambala ankamudziwa aliyense pa Kampande, ngakhale ana amene sanamuonepo, chifukwa dzina lake linasanduka mwambi. Mwamuna akachedwa kumowa, mkazi ankati wachita za Yoramu. Iye anali mnansi wa Evaristo mu mzere umodzi, ndipo anasowa sabata yomweyo ya ngozi. Popeza mkazi wina wogulitsa mowa anakwera lole ya kumwera masiku omwewo, anthu anangolumikiza okha kuti athawitsana. Kampani inamulemba kuti wathawa ntchito, ndipo mwezi usanathe inatulutsa m'nyumba mkazi wake Tisauke ndi khanda lake. Tisauke anamanga kakhumbi kuseri kwa mulu wa miyala. Sanakwatiwenso, poti mwamuna ankati ali moyo kwinakwake, ndipo kuyambira pamenepo ankadya za kuphwanya miyala n'kugulitsa kwa omanga.

Evaristo anafotokoza osakweza mutu. Dzulo lake la ngozi, anati, anamva mitengo yochirikiza denga ikulira, ndipo madzi amene ankadontha anali atasanduka matope. Anauza kapitawo, kapitawo anati wosafuna kutsika akatenge katundu wake. Iye anali atachenjezedwa kale kawiri chifukwa chojomba, kachitatu kanali kochotsedwa ntchito ndi kutuluka m'nyumba. Yoramu tsikulo anali pa tchuthi. Mzungu wa pa shafuti sankadziwa nkhope, ankadziwa manambala, ndipo kapitawo amene akanazindikira anatsalira pansi pomwepo.

"Ninamuuza kuti mutu uniwawa, anivalileko nambala yanga tsiku limodzi chabe."

"Za denga munamuuza?" anafunsa ba Ezron.

"Sininamuuze."



"Ninabisala mu thengo pa kaphiri kuyembekeza kuti shifiti isile," Evaristo anapitiriza. "Ninamva sailini ya ngozi ilira. Ninaona anthu athamanga. Ninakuonani na imwe, amake Clotilda, muthamanga na mwana kumbuyo."

"Munaniona?"

"Ninakuonani."

"Pamene ninali kugubuduka pa dothi paja, munali kuona?"

"Ee. Ninati nikatsika, bazanifunsa kuti nanga pansi pali ndani. Ninayopa jele, ninayopa maso ya Tisauke. Ninayamba chabe kuyenda, mpaka ninafika ku njanji."

Zimene zinamubwerera Magdalena m'mutu si za Evaristo ayi, koma mawu ake omwe. Chaka china pa chitsime, atakangana ndi Tisauke za mzere wa ndowa, iye ananena pamaso pa amayi onse kuti, wanga anamutenga Mulungu, wako anakuthawa uli moyo. Ndipo miyezi iwiri yokha yapitayo, Tisauke atabwera ndi beseni kuti athandize kututa mchenga wa mwala, Magdalena anamubweza, nati ntchito iyi ni ya ife ofedwa.

Ba Ezron anakonza tayi yawo.

"Ba Magdalena, mverani. Nkhani iyi isilile muno. Kunja tizakamba kuti ba Evaristo anapulumuka, mutu unasokonezeka, anasochera. Dzina tizafafaniza, patsale eyiti. Za Yoramu tikazitulutsa, pazagwa munthu pano. Mwana wake uja Lawson ni mwamuna manje, ayendetsa mabasi ku Lusaka. Akamva, muganiza azabwera na maluwa? Nanga ku boma nizalemba chani? Tachita kale manyazi pamaso pa a Gavanala."

Sankanena mwankhanza. Ankaopadi, ndipo zina mwa zimene ankaopazo zinali zoona. Magdalena anaimirira, anamusuntha Rosaria pa chitseko, natuluka. Anthu a pakhonde anamuunjirira ndi mafunso, iye anangodutsa pakati pawo ngati sakumva, nalowera njira yozungulira mulu wa miyala.

Kulira kwa hamala kunamveka asanafike. Tisauke anakhala pansi pa kamthunzi ka thumba lopachika pa mitengo iwiri, miyendo atatambasula, zala atakulunga nsanza, mulu wa miyala yophwanya uli pambali. Anali wamng'ono kwa Magdalena ndi zaka ziwiri, koma ankaoneka ngati mayi wake. Ku mwambo sanapite. Ataona chitenje cha Ligi anaimitsa hamala.

"Ba Tcheyaledi, mwasochera? Alendo mwasiya na ndani?"

Magdalena anagwada pa miyala yakuthwa ija osaimva n'komwe. Anali atakonza mawu m'njira, koma onse anabalalika.

"Amake Lawson, Evaristo ali moyo. Ali ku holo."

Tisauke anamuyang'anitsitsa. "Ninamva phokoso. Ninati kapena ni magule. Mulungu ni wamkulu, kansi. Wanu wabwera." Anatola mwala wina. "Kapena na wanga azakumbukira njira tsiku lina."

"Yoramu sanathawe."

Hamala inaima m'mwamba.

Magdalena ananena zonse, za nambala, za mutu wonamizira, za denga, osasiyako kanthu. Akulankhula, Tisauke anatsitsa hamala pa mwala uja, anaphonya, anamenyanso, anaphonyanso. Kachitatu anangoisiya kugwa.

"Anachoka kuseni osadya," anatero ndi mawu otsika, ngati akudzilankhulira. "Sanakambe kumene ayenda, anangoti nizabwera masana tikapalire kumunda. Ninamuyembekeza na makasu awiri pakhomo. Sailini inalira, nenze kuthokoza Mulungu kuti wanga lelo ali pa tchuthi. Ninashoka pa moto malaya yake yonse. Na chithunzi cha pa ukwati ninashoka. Lawson ninamulera nikumuuza kuti atate ako ni galu."

"Nikhululukireni, amake Lawson. Zimene ninakamba pa chitsime..."

Tisauke sankamumva. Anayang'ana mulu wa miyala, anayang'ana chitsulo cha shafuti chimene chinkaonekera pamwamba pake, kenako anayang'ana pansi pamene anakhala.

"Njira za mgodi zipita pansi apa, si ndiye?"

"Bakamba choncho."

"Zaka zonse izi niphwanya miyala pamutu pake, nikumutukwana."

Anatambasula chikhatho chokulunga nsanzacho n'kuchiika pa dothi. Ndiye anakweza mutu n'kulira kulira kwa maliro, kotalika, kong'amba, akutchula dzina la mwamuna wake. Anthu amene anali ku holo anamva. Pa Kampande munthu akamva mfuu yotere safunsa, amangonyamuka, ndipo posakhalitsa amayi a zitenje za Ligi anali atadzaza pa bwalo la kakhumbi kamene ambiri a iwo anali asanapondepo. Magdalena anawauza yekha chimene chachitika, ataimirira, maondo akuchucha magazi. Ena anangokhala pansi pomwe anaima.

Dzuwa litapendeka Tisauke anapukuta kumaso nati akufuna kumuona Evaristo. Anthu anamutsatira mpaka ku holo. Ba Ezron anaima pakhomo kufuna kuletsa, koma ataona nkhope yake anapatuka. Evaristo atamuona anatsika pa mpando n'kugwada. Mavijilante anayandikira poganiza kuti pakhala ndewu.

Tisauke anaima patsogolo pake, manja ali m'mbali.

"Pamene munamupempha, anakana poyamba, kapena anavomera pamene apo?"

"Anavomera pamene apo," anatero Evaristo. "Anati kagoneni mulamu, nizakuimililani."

Tisauke anagwedeza mutu kangapo. "Ni yeve uyo. Sanali kuziba kukana." Anatembenuka natuluka, osamukhudza, osamutukwana. Magdalena anaona kuti Evaristo akanakonda kumenyedwa.

Lolemba kunali msonkhano wa wadi, ndipo holo inadzaza mpaka m'mawindo. Ba Ezron anafika atakwiya ndi Magdalena, koma atakhala pa mpando anauyendetsa bwino. Ena anati Evaristo apite kundende. Wapolisi anabwera pa njinga, analemba zonse m'kabuku, n'kunena moona mtima kuti sakudziwa mlanduwo aupereke kwa yani, poti kampani inapita kalekale ndipo ngakhale boma la nthawi imeneyo kulibenso. Ena anati mwala ugwetsedwe chifukwa wayamba ndi tsoka. Mkulu wina amene anagwirapo mu mgodi anaimirira nati asanagwetse mwala, aliyense amene ananenapo kuti wachita za Yoramu akweze dzanja. Palibe anakweza, koma za kugwetsa zinathera pomwepo. Anagwirizana kuitananso mmisiri. Iye anagoba dzina la Evaristo mpaka panatsala chibowo chosalala, n'kusemamo la Yoramu Chitambala. Dzinalo linalowa mkati kuposa ena onse, ndipo mlendo aliyense wofika pa mwalawo ankayamba kufunsa za ilo.

Maliro a Yoramu anakhala masiku atatu. Popeza panalibe mtembo, anthu anayenda pa mzere kuchokera pa kakhumbi ka Tisauke mpaka pa simenti ya shafuti, wansembe anawaza madzi odalitsa pamenepo. Magdalena sanavale chitenje cha Ligi. Anatunga madzi, anatsuka mbale, anakhala kumbuyo. Tsiku lachitatu anamutengera Tisauke pambali n'kumuuza kuti nyumba ya mu mzere ija ndi yake, poti kampani inaipereka kwa mkazi wa munthu amene anafa, ndipo iye asamuka.

"Nyumba nili nayo," anatero Tisauke. "Khalani. Chimene munanilanda si nyumba."

Magdalena analandira mawuwo. Anamupweteka masiku ambiri.

Za Evaristo zinavuta. Wansembe anamukumbutsa Magdalena mofatsa kuti pamaso pa Mpingo munthuyo akadali mwamuna wake. Iye anati akudziwa, ndipo sadzamusiya kufa ndi njala, koma m'nyumba mwake sagonamo. Anamukonzera kachipinda kosungiramo mipando kuseri kwa holo, ndipo ankamupititsira chakudya kawiri pa tsiku, kuika pakhomo n'kubwerera. Clotilda anabwera kuchokera ku Lusaka kumene ankagwira unamwino. Analowa m'kachipindamo, anamvetsera chifuwa cha bambo ake, anasiya mapiritsi, n'kutuluka osawatchula kuti atate. Kwa mayi ake anangoti mapapo atha, sadutsa dzinja.

Amene aliyense ankamuopa anali Lawson. Uthenga unamupeza mochedwa ali pa ulendo wa ku Chipata, ndipo anafika maliro atatha. Anatsika basi masana, mwamuna wamtali wa mapewa akulu, anapita kwa mayi ake, anakhalako ola limodzi, kenako anthu anamuona akulunjika ku holo. Amuna anasiya ntchito n'kumutsatira chapatali. Ba Ezron anatuma munthu kukaitana mavijilante. Magdalena anali m'njira ndi mbale za Evaristo, ndipo anafika pakhomo la kachipindako.

Lawson anali atakhala pa benchi losweka, zigongono pa maondo. Evaristo anali pa mphasa, atatsamira khoma.

"Amai banashoka chithunzi," Lawson ankanena. "Bakafuna kunifotokozera, bangolira. Imwe munasebenza nawo. Banali batali monga ine?"

"Kukupitirira pang'ono," anatero Evaristo. "Koma mapewa ni yamene aya."

"Banali kukonda chani?"

Evaristo anaganiza. Anati Yoramu anali wamanzere, ndipo fosholo ankaigwira mozondoka mpaka akapitawo kumuseka. Anali goloyi wa timu ya mgodi, ndipo tsiku lina anagwira mapenoti awiri motsatizana. Ankaimba mluzu potsika mu shafuti ngakhale kunali koletsedwa. Njoka ankaigwira ndi manja, koma chule akamudumphira ankakuwa ngati mwana.

Lawson anaseka kamodzi, kuseka kwakukulu kodzidzimuka, ndiye anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Amuna amene anaima kunja anayang'anana, n'kuyamba kubalalika mmodzimmodzi. Atatha, Lawson anapukuta m'maso nati, "Sininakukhululukireni, mudala. Musaganize choncho. Koma pitilizani." Anakhala mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'mawa mwake anabweranso.

Evaristo anamwalira mu Malichi, chimanga chili pa ngaiyaye. Abale ake a ku Nkomeshya anabwera ndi ngolo kudzatenga mtembo, ndipo Magdalena anapita nawo, anakhala pakati pa amayi, anaimba nawo nyimbo. Ataika, akuluakulu a banja anamuitana kuseri kwa nyumba. Anati monga mkazi wa malemu ayenera kumetedwa, kuvala zakuda ndi kukhala m'nyumba mpaka adzamumasule.

Magdalena anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Munanimeta mu fifite-seveni," anatero. "Ninavala zakuda chaka chathunthu, munanimasula imwe bamene. Munthu mmodzi sangalilidwe kawiri na mkazi mmodzi."

Akuluakuluwo anakambirana motsitsa mawu. Panalibe amene anakumbukira mwambo wa nkhani yotere, ndipo potsiriza anamulola kupita. Anagona kwa mlamu wake, ndipo m'mawa anakwera ngolo yobwerera ku Kampande pamodzi ndi Rosaria. Mvula inawapeza pa mtsinje, ng'ombe zinayamba zakana kuwoloka, ndipo anafika kwawo madzulo atanyowa mpaka mkati.